Amayi, ndabweza munda wa kumtunda

Amayi anga okondedwa,

Kaya mukukhalako bwanji kumene muliko? Ndine mwana wanu Lonesi. Kuno tilipo, tikudzuka ndithu. Dzinja lachiwiri latha chikuikireni m'manda, ndipo nkhani zaunjikana moti sindingathenso kuzisunga ndekha. Ndayala mphasa pakhonde lanu, mbali yoyang'ana mapiri a ku Ntchisi, kuti ndikufotokozereni mmene tikukhalira.

Ndiyambe ndi zokoma. Mdzukulu wanu Tamala anachira ku Mtengowanthenga mvula ili pakati, mwana wamkazi. Ali ndi chipumi chanu, ndipo asanalire amayamba wakwinya nkhope ngati mmene munkachitira inu mukamva mtengo wa feteleza. Kuchimuna ankafuna dzina lachizungu, koma Tamala anakakamira, ndiye anamutcha Elube. Dzina lanu, limene ife ana anu sitinkalitchula ndi pang'ono pomwe, lero likuitanidwa pabwalo ngati la mwana wina aliyense. Ndikamva munthu akuti Elube wakodza, ndimatembenuka kufuna kumudzudzula.

Chimanga chachita bwino kumunsi, koma kumtunda chinapserera ndi ng'amba. Soya anagwa mtengo, ndasunga matumba awiri kudikira kuti mwina akwera. Tomato wa kudimba ndimapita naye kumsika wa ku Dzaleka. Mayi uja wa ku Burundi amene munkamugulitsa nyemba anafunsa za inu, ndipo nditamuuza kuti munatisiya anagwira pakamwa, n'kundithirira mchere m'jumbo, akuti chipepeso. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri, mmodzi anatengedwa ndi fisi. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, ndalifolera ndi udzu wotsala chaka chatha. Zoterezi sizitha, paja munkati pakhomo popanda chovuta ndiye kuti eni ake anasamuka.

Koma chimene chandikhazika pansi lero ndi munda.

Tili pakati pokolola, kunabwera bambo wina pa njinga yamoto, akufunsa pakhomo pa a Yotamu. Ndinamuuza kuti atate anatisiya kalekale, inunso munatsatira. Anavula chipewa n'kupepesa, kenako anandisiyira envelopu. Inali kalata ya boma yokumbutsa lendi ya malo athu a lizi. Anandandalika zaka zonse zimene sitinalipire, ndipo nditaziwerenga chobwerera m'mbuyo zinakathera chaka chimene atate anamwalira. M'munsimo analemba kuti tikapanda kukaonekera, boma lili ndi mphamvu yotenga malo ake. Ndalama imene akufunayo ndinaiwerenga kawiri, kachitatu ndikuloza nambala iliyonse ndi chala. Tikanagulitsa zokolola zonse ndi mbuzi zomwe, sitikanafika ndi pakati pomwe.

Sabata lomwelo ndinatsegula sutikesi yanu kufuna mapepala a atate. Pansi pa nsalu zanu za kutchalitchi ndinapeza maenvelopu ena asanu ndi limodzi, onse osatsegula, atakulungidwa bwinobwino m'jumbo ya shuga. Amayi, kuwerenga simunkadziwa, koma chidindo cha boma munkachidziwa. Bwanji osandipatsa ine ndikuwerengereni? Sindikukudzudzulani ayi. Ndikukumbuka mmene zinthu zinalili atate atangopita, zigafa za fodya zikugwa, ine nditabwerera pakhomo ndi Tamala kumsana kwa ukwati wotha. Mwina munaona kuti pa mavuto onse amene anali pakhomo, lokhalo ndi limene likanatha kukhala chete m'sutikesi. Munkakonda kunena kuti pepala silimera ngakhale ulikwirire. Limeneli linamera, Amayi.

Ndinali ndi zaka khumi pamene atate anabwera ndi nkhani ya lizi. Nthawi imeneyo munthu wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale n'kukagulitsa yekha ku okushoni pokhapokha akhale ndi esiteti, ndiye amuna ambiri kuno ankaphatikiza minda ya banja n'kukailembetsa kuboma. Chovuta chinali chakuti atate anali mkamwini. Mindayo inali yanu, yosiyiridwa ndi amayi anu. Munakhala masiku atatu osawayankhula, ndipo tsiku lachinayi ndinakumvani mukuwauza kuti simungalipire lendi pa munda umene amayi anu anathyolerapo makasu. Patapita nthawi kunabwera anthu oyeza malo, n'kukwirira timiyala ta simenti m'malire, tija amati mabikoni. Ine ndakula ndikudziwa kuti atate anachita zimenezo okha, inu musanavomere.

Fodyayo anatidyetsa, sindingakane. Malata awa ndi ake, ngolo ndi ng'ombe zinali zake, sukulu yanga ndi ya achimwene a Lefani inachokera momwemo. Matenanti anadzaza kumunsi kuja, nyumba zisanu ndi ziwiri za udzu. Mitengo itayamba kugwa ku okushoni anachoka mmodzimmodzi, n'kutsala a Makwinja okha, aja a ku Phalombe, amene anafika ali achinyamata ndi akazi awo a Filesi. A Filesi atamwalira munakapempha nokha kuti aikidwe kumanda a kwathu. Atate atamwalira munawauza a Makwinja kuti za utenanti zatha, azilima kachigawo ka pafupi ndi dambo n'kumadya okha. Panopa akalamba, maso ayamba kuchita nkhungu, ndipo ana awo awiri amene anapita ku Joni sakumveka. Chichokereni inu, m'mawa uliwonse amaima pampanda kufunsa mmene tadzukira, ndipo salowa mpaka nditawaitana kawiri.

Za kalata ija ndinawaimbira achimwene ku Lilongwe. Anabwera Loweruka, koma sanabwere okha. Anali ndi bwana wina wa mashopu, pa galimoto yaikulu. Bwanayo anatsikira kudambo, anatapa dothi n'kulifinya m'manja, ndipo ndinaona kuti walikonda. Anati alipira ngongole yonse ya boma, lizi isinthidwe ikhale m'dzina lake, ndipo yotsalayo atipatsa tigawane. Pakhomo pathu atisiyira. Kwina konse akufuna kutchinga ndi waya n'kuikamo mapaipi a mthirira, ndiye m'katimo musakhale nyumba ya munthu.

Musawakwiyire achimwene, Amayi. Ntchito yawo ya udalaivala inatha chaka chatha, mwana wawo wamkulu ali ku koleji, nyumba ndi ya lendi. Aonda moti kolala ya malaya ikuwazungulira khosi. Bwanayo atakakhala m'galimoto, tinatsala awiri pansi pa mango.

"Mlongo, boma salimbana nalo," anatero. "Tikachedwa titaya zonse osaonapo ndi tambala yomwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Ndinafunsa za a Makwinja. Achimwene anati tidzawapatsa ya basi ndi kena kake koyambira kwawo. Ndinapempha masabata awiri kuti ndikamve ndekha kuofesi. Anavomera. Ndinamva pambuyo pake kuti asananyamuke anatsikira kwa a Makwinja kukawafotokozera, mwaulemu ndithu, kuti ayambe kuganiza za kwawo.

Ku ofesi ya za malo ndinapita ndi mantha, ndikuganiza kuti akandikalipira pagulu. Ndinakhala pabenchi mpaka masana. Amene anandithandiza anali mayi wina wovala magalasi, wamng'ono kwa ine. Anabweretsa fayilo yathu, yofiirira ndi fumbi, n'kuyala mapu patebulo. Aka kanali koyamba kuona munda wathu uli papepala, dambo ngati kamzere, phiri ngati timizere tozungulira. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti lendi si chilango, ndi zimene atate analonjeza potenga lizi, ndipo imawerengedwa potengera kukula kwa malo, kaya walima kaya sunalime. Anati ngongole yakale singafufutike, koma ndingapemphe kuti ndizilipira m'magawo. Anatinso ngati malo atikulira, tingabweze mbali ina kuti lendi ya m'tsogolo ichepe, koma pafunika oyeza abwerenso adzaone mabikoni ndi kudula malire atsopano.

Akutembenuza mapepala, ndinaona siginecha ya atate, ija yokhala ndi mchira wautali. M'munsi mwake munali chala chodinda ndi inki, pambali pake wina atalembapo dzina lanu. Ndinachidziwa pomwepo, chifukwa pakati pa chidindocho panali kamzere koyera, chipsera chija munadzicheka ndi chikwakwa. Amayi, munadinda. Zaka zonsezi simunanenepo. Ndinaika chala changa pamwamba pa chanu, ndipo misozi inangoyamba yokha. Mayiyo sanandifulumize. Anachita ngati akufuna kanthu m'kabati mpaka nditapukuta nkhope.

M'mawa mwake a Makwinja sanabwere pampanda. Nditapita kukhola ndinapeza nkhuku zinayi zosakhala zanga, zomangidwa miyendo. Ndinatsikira kumunsi. Pabwalo anali atasesa, chitseko chomangidwa ndi luzi, khasu ndi nkhwangwa zimene munawabwereka kalekale zitatsamira pakhoma, zotsukidwa. Mayi wina wochokera kumjigo anandiuza kuti wawaona mbandakucha akulowera kumsewu ndi chikwama paphewa. Ndinathamangira kabaza osasintha ndi chitenje chomwe.

Ndinawapeza pa siteji ya kumsewu wa tala, dzuwa lili pamutu, atakhalira chikwama chawo. Anavala jekete lija anawapatsa atate. Ndinakhala pansi pambali pawo. Ndinafunsa ngati galimoto zikuvuta, iwo anati ayi, zadutsa zinayi ndipo malo analimo. Anati njira akuidziwa, Lilongwe, kenako kummwera, koma nthawi iliyonse kondakitala akawaitana ankadzifunsa kuti akafika ku Phalombe akagogoda pakhomo pa yani. Makolo anatha, munda anagawana adzukulu amene sanawaonepo nkhope.

"Mayi, tenanti nyengo ikatha amapita," anatero. "Ine ndinangochedwa."

Ndinkafuna kuwauza kuti ndi kholo lathu, kuti anandinyamulapo paphewa powoloka dambo litadzaza. Koma ndinadziwa kuti angothokoza n'kukwera galimoto yotsatira. Inu munkati munthu wamkulu sumupatsa chifundo m'manja, umamupatsa ntchito. Ndiye ndinawauza za kuofesi, za oyeza amene akubwera, n'kuwafunsa kuti mabikoni alipo angati.

"Khumi ndi anayi. Ndinasenza ndine."

"Ine ndikudziwa awiri okha. Mukapita, adzawasonyeze ndani oyezawo?"

Minibasi ina inaima, kondakitala n'kumatiitana, iwo osadzutsa mutu. Itachoka anati lachisanu ndi chiwiri ndiye lovuta, linameredwa ndi chulu, munthu wosadziwa angakumbe sabata yonse. Anadzuka n'kutola chikwama. Tinabwerera wapansi, chifukwa anakana kukwera kabaza, akuti ndi kuononga ndalama.

Tinayenda m'malire masiku atatu. Maso awo sakuonanso patali, koma miyendo ikukumbuka. Ankaima pa chitsa kapena pa mwala, n'kuwerenga mapazi, kenako n'kuloza ndi ndodo kuti ndikumbe apa. Kawiri tinaphonya, n'kubwerera kukayambiranso. Lija la m'chulu tinalipeza tsiku lachiwiri, ine thukuta lili kamukamu, iwo akuseka chifukwa ndinkagwira khasu ngati mwana wa sukulu. Onse khumi ndi anayi alipo, Amayi, palibe amene anazula.

Tsiku lomaliza tinafika pamwamba penipeni, pa munda wa agogo, paja pali misuku itatu. Tinakhala pamthunzi, ndipo ndinawauza za chala chanu. Sanadabwe. Anati iwo analipo tsiku limenelo, akuzula zitsa paganyu. Chaka chimenecho ine ndi achimwene tinali titabwezedwa kusukulu kawiri chifukwa cha fizi. Atate anali ataleka kale za lizi, akuti akabweza mafomu kuboma osadinda. Inu munakwera nokha kumtunda kumeneko, munazungulira munda wonse osayankhula ndi munthu, kenako munatsika n'kuwauza atate kuti abweretse pepala lawolo. Mutadinda munapukutira chala pachitenje, n'kunena kuti anawa akaphunzira adzawerenga okha zimene mwadindazo.

Ndawerenga, Amayi. Zanditengera zaka zambiri, koma ndawerenga.

Tsopano imvani zimene ndachita, ndipo ngati ndalakwa mundikhululukire. Ndinalemba kalata yobweza kuboma mbali yonse ya kumtunda, kuyambira pa njira ya ng'ombe kukafika pamwamba. Tatsala ndi pakhomo, munda wa kumunsi, dimba, ndi pamene pali a Makwinja. Ndinayesa kudula mwanjira ina kuti munda wa agogo utsale, ndinajambula ndi kamtengo pansi mpaka dzanja kuwawa, koma sizinatheke. Kumtunda ndi kwakukulu, ndi kwamiyala, ndipo chimene ndimakololako sichingalipire lendi yake. Kumunsi kuli madzi ndipo kuli munthu. Munda umene munakanira atate masiku atatu, wautaya ndine mwana wanu.

Oyeza anabwera, anadula, anakwirira mabikoni atsopano atatu. Mayi wa kuofesi uja anati malo obwezedwa nthawi zina amabwerera kumudzi kuti agawidwe, koma sanandilonjeze, ndipo ndinamulemekeza posandinamiza. Ndikupemphera kuti zikatero agwere adzukulu a mng'ono wanu, amene akulima timinda tobwereka. Zikapanda kutero, mwina tidzaona mlendo akulima pamenepo. Mtedza womaliza ndinakumba ndekha. Ndinatengako nthangala za masuku, ndafesa m'machubu kuseri kwa nyumba, ngakhale anthu akuti msuku sulola kuwetedwa.

Kuti ndilipire gawo loyamba ndinagulitsa ng'ombe ziwiri zija pamodzi ndi ngolo. Wogula anachokera ku Bowe. Potuluka m'khola, yakuda ija inakana kuyenda mpaka anaikoka ndi chingwe, ndipo ine ndinalowa m'nyumba kuti ndisaone. Chaka chino manyowa ndikusenza pamutu ngati kale.

Achimwene atamva anangodula foni. Bwana uja sanafune kumtunda kopanda dambo, ndiye zonse zinathera pomwepo, ndipo iwo sanapezepo kalikonse. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa naonso ndi mwana wanu, ndipo vuto lawo silinachoke. Ndinawatumizira matumba awiri a chimanga pa lole, sanayankhe. Patapita miyezi iwiri foni inalira, ndalama zalowa, zochepa, ndi mawu awiri okha akuti za oyeza. Sindikudziwa kumene anazipeza. Nditawaimbira sanafune kukamba za munda, anangofunsa ngati mvula yayamba kuno ndi ngati denga silikudontha. Akuti abwera pa Khirisimasi ndi ana. Ndawasungira mzere wa mbatata kudimba, ndipo ndawauza kuti zikakanika m'tauni, malo a nyumba alipo, khasu liliponso.

Chatsala chimodzi chimene ndakhala ndikuchizungulira. Ng'ombe zokha sizinakwane. Ndalama imene tinkasonkha ya chiliza chanu ndinaiphatikiza pomwepo. Tinali titagwirizana kuti timanga chaka chino mvula isanagwe, abale tinali titawauza kale, ndipo ndinayenda khomo ndi khomo kukapepesa. Ena anamvetsa, ena anati ndasankha tenanti kusiya mayi wondibala.

Dzana ndinapita kumanda kukapalira. Dothi lanu latsika pang'ono, ndinaliunjikanso ndi manja. Pirirani chaka chimodzi chokha, Amayi. Ndikangopereka gawo lachiwiri, thumba loyamba la simenti ndi lanu, ndipo ndikulonjeza kuti dzinja la chaka chamawa silidzakupezani pa dothi lokhalokha. A Makwinja ayamba kale kuumba njerwa kudambo, pang'onopang'ono, akatopa amakhala pansi. Nditaziwerenga ndinawauza kuti zakwana, apumule. Anapukusa mutu, n'kundikumbutsa kuti a Filesi agona pafupi nanu. Anati inu mmene ankakudziwirani simungalole kukhala m'nyumba ya njerwa mnzanu ali pamvula. Ndiye tikuumba za awiri.

Muwapatse moni atate. Muwauze kuti sindinawakwiyire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lonesi